Njala Yanga ya 16 Koloko

Ndinadandaula koyamba Lachitatu lachiwiri la mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, ndipo kalatayo ndinaipereka ndi dzanja langa kwa anamwino a pa kiliniki yathu. Ndinadandaulanso Khirisimasi itangopita, kenaka kachitatu mu Febuluwale. Makope a makalata onse atatu ali mu fayilo yobiriwira, pamodzi ndi khadi langa la ku kiliniki. Yankho lolembedwa sindinalandirepo.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa madepoti ogulira thonje, poyamba ku Vubwi, kenaka ku Sinda, ndipo ndinapumira kuno ku Katete. Ntchito yanga inali kuyeza ndi kulemba. Choncho tsiku limene ndinapita ku kiliniki chifukwa cha chizungulire, anamwino atandiuza kuti ndikwere pa sikelo, ndinapempha kuti ayambe andionetsa ngati singano yake ili pa ziro. Anamwinowo ndi mtsikana waulemu, wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Anandionetsa. Ndinavula nsapato. Ndinavula jekete. Ndinatulutsa m'matumba malisiti, zolembera ziwiri ndi makiyi. Singano inabwerera pang'ono chabe, mongondipatsa ulemu.

"Atate, magazi anu akuthamanga, ndipo shuga nayenso wayamba kusuzumira," anatero. "Thupili lichepe. Chakudya cha m'mawa, cha masana ndi cha madzulo muzidya ndithu. Vuto ndi zapakatipakatizi."

Anandipatsa pepala. Linkati munthu akamva kufuna kudya nthawi isanakwane, amwe kapu ya madzi, adikire pang'ono, kenaka adzifunse chimene chikumuvuta. M'munsi mwake munali timabokosi tiwiri. Koyamba: njala yeniyeni. Kachiwiri: chizolowezi kapena kusowa chochita. Anati ndigule kabuku, ndizilembamo nthawi ndi kuchonga kabokosi koyenera.

Ndinakwiya, sindibisa.

"Mwana wanga," ndinatero, "ine ndinaima pa mzere wa chimanga chachikasu chaka cha chilala. Ku Vubwi ndinaona anthu akuwiritsa mango aawisi. Ine ndi njala tinadziwana inu musanabadwe."

"Ndiye simuvutika, atate. Ikabwera muizindikira." Anaseka pang'ono. "Njala yeniyeni sisankha. Ikakugwirani mungadye ngakhale impwa zozizira zopanda mchere. Koma mukaona kuti mtima ukufuna chinthu chimodzi chokha, chokazinga, dziwani kuti si mimba imeneyo, ndi pakamwa."

Kulakwa kwanga kunali kwakuti tsikulo ndinapita ndi akazi anga. Anali pa benchi panja, chitseko chili chosatseka. Pobwerera tinadzera pa msika, ndipo anagula mulu wa impwa, zowawa zija.

Ndine munthu wachilungamo, ndipo pamene ndinagonja ndinalemba kuti ndagonja. Ndinkakana kuti ndimadya nsawa pomvera nkhani za 13 koloko pa wailesi. Akazi anga anayala nyuzipepala pansi pa mpando wanga, nkhani zitatha anandiitana kuti ndione makoko. Ndinachonga kabokosi kachiwiri. Tsiku lina ndinaperekeza mlendo ku sitesheni ya maminibasi a ku Chipata, ndipo ndinadzipeza ndagwira chimanga chootcha, chonsecho ndinali nditangosamba m'manja kunyumba. Kabokosi kachiwiri. Ndinaonanso kuti malaiti akathima wailesi n'kukhala chete, miyendo yanga imapita yokha ku kabati. Chipumireni pa ntchito, dzanja limene linkagwira cholembera tsiku lonse linali kudzifunira ganyu lokha, ndipo ganyu wapafupi anali wonyamula zinthu kupita nazo kukamwa.

M'masabata atatu ndinali nditaphunzira zambiri. Njala yeniyeni imabwera pang'onopang'ono, kuyambira pansi, makamaka ndikachokera ku dimba, ndipo madzi saithamangitsa. Yabodza imabwera mwadzidzidzi, imalowera m'mphuno kapena m'khutu, monga mafuta akalira m'chiwaya kwa aneba. Ukaimwera madzi n'kupita kukaona nkhuku, pobwera yachoka. Lamba wanga anasuntha bowo limodzi. Pa zonsezi ndilibe dandaulo.

Dandaulo langa ndi la 16 koloko.

M'mphepete mwa msewu waukulu muli sitolo ya nsalu ndi zitsulo za njinga. Mwini wake ndi mnzanga, Msilamu, wobadwira ku Malawi. Ndinamudziwa zaka zoposa makumi atatu zapitazo, ndikufuna masipoko a njinga. Tinakangana za kutalika kwa masipokowo mpaka akazi ake anatulutsa tiyi, ndipo kuyambira pamenepo mpando wa pafupi ndi mipukutu ya nsalu unakhala wanga. Iwo amanditcha "a Kalaliki". Ine ndimawatcha "achimwene", ngakhale kuti nkhani ya wamkulu ndani sinathe, poti alibe pepala losonyeza tsiku lobadwa. Nthawi ya 16 kolokoyi iwo amati folo koloko, mwa kwawo. Ndakhala ndikuwakonza zaka zonsezi.

Tsiku lililonse kupatula Lamlungu, nthawi imeneyo ikakwana, nsalu yotchinga khomo la kuseri imagwedezeka, ndipo amayi a m'nyumbamo amatuluka ndi thireyi: tiyi wamkaka ndi zitumbuwa zinayi, ziwiri zanga, ziwiri za achimwene. Amakazinga okha, zongotuluka m'mafuta. Zogulitsa ayi. Amandipatsira ndi manja awiri.

M'kabuku kanga, 16 koloko iliyonse ndinkachonga kabokosi koyamba. Umboni ndinali nawo. Kutangotsala mphindi khumi ndi zisanu, mimba inkalira, ndipo inkalira momveka. Ndinaitana akazi anga kuti adzakhale mboni.

"Ndamva," anatero. "Imwani madzi."

Ndinamwa. Mimba inalirabe, mwamadzimadzi.

Analowa ku khitchini n'kubwera ndi mbale yaing'ono. Impwa zisanu, zowiritsa dzulo lake, zozizira, zamakwinya.

"Anamwino anati njala yeniyeni sisankha, abambo."

Ndinazindikira kuti ndikakana, mlandu wanga watha. Ndinakhala pansi. Ndinadya yoyamba ndikuwayang'ana m'maso. Yachiwiri inandiwawa mpaka kuseri kwa makutu. Pa yachinayi misozi inali kutsika, koma ndinapitiriza, ndipo yachisanu ndinaimeza ngati piritsi. Ndinapukuta pakamwa, ndinatenga chipewa.

"Mwaona tsopano kuti inali yeniyeni?"

"Ndaona, pepani," anatero akazi anga. "Inalidi yeniyeni. Mwayi wake mwadya, yatha. Kumeneko mukangomwa tiyi wopanda shuga."

Ndinaima pakhomo chipewa chili m'manja. Zaka zonse za pa depoti, palibe mlimi kapena bwana amene ananditseka pakamwa chomwecho.

Ndinapita ku sitolo. Thireyi itabwera, ndinati, "Amayi, lero ndingomwa tiyi, wopanda shuga." Iwo anaima, mbale ili m'manja.

"Zapsa?"

"Ayi."

"Mafuta ake ndi atsopano. Ndatsegula botolo dzana."

Ndinafotokoza za magazi, za shuga, za pepala. Achimwene anati, "A Kalaliki, kachitumbuwa kamodzi kanaphapo ndani? Inu mumafuna umboni pa chilichonse. Tipatseni dzina la malemuyo."

Tinaseka, koma amayi sanaseke. Kwathu kuno munthu akakana chakudya chimene wakhala akudya zaka makumi atatu, sayang'ana matenda ake, amayang'ana amene waphika. Ndinamva pambuyo pake kuti anafunsa amuna awo ngati kwathu wina wanena zoipa za khitchini yawo, kapena ngati ku tchalitchi kwathu ayamba kuletsa chakudya cha Asilamu. Tsiku lachiwiri anabweretsanso zinayi. Ndinakananso. Tsiku lachitatu anabweretsa ziwiri zokha, anaziika patsogolo pa amuna awo, ndipo moni wawo anapereka kwa mipukutu ya nsalu. Achimwene anadya okha, akutafuna pang'onopang'ono ngati munthu wakuba, maso ali ku msewu. Tinalibe choti tikangane. Tsiku lachinayi sindinapite.

M'pamene ndinalemba kalata yoyamba ija, kufunsa kuti chitumbuwa cha 16 koloko chili mbali iti. Sindinayankhidwe. Nditapereka yachiwiri, anamwino anaiwerenga ndili pomwepo.

"Atate, nkhani yake ndi imeneyi basi? Theka la chitumbuwa, kawiri kapena katatu pa sabata, ndi tiyi wopanda shuga, palibe vuto. Thupi latsika bwino."

Ndinayenda ngati mnyamata kubwerera kunyumba. Ndinawapeza akazi anga akusankha nyemba pa khonde, ndipo ndinawauza mawu a anamwino monga mmene anawanenera.

"Pepala lili kuti?" anatero, osadzutsa mutu.

"Anena pakamwa."

"Abambo. Mwana wathu woyamba anabwera kudzati aphunzitsi anena kuti mawa kulibe sukulu. Munamubweza, dzuwa lili pamutu, kuti akatenge kapepala. Ine ndinati amalume amwalira ku Mkaika, munafunsa ngati uthengawo wabwera wolembedwa. Zaka makumi anayi mwatiphunzitsa m'nyumba muno kuti mawu a pakamwa si umboni. Ine ndili ndi pepala limodzi, ndilo lili pa khomalo. Libwere lina lolikonza, la chidindo."

Ndinayesa kukumbuka ngati lamuloli linali ndi kopatula. Linalibe. Ndinalipanga ndekha, ndipo ndinalipanga bwino.

Ndinabwerera ku kiliniki m'mawa mwake. Mzere wa amayi a sikelo ya ana unafika mpaka pa mtengo wa mango. Anamwino anandiona, anati, "Atate, fomu ya zitumbuwa kulibe. Ndakuuzani kale, kadyeni." Ndikudziwa kuti ntchito imawachulukira, ndipo sindikuwanenera zoipa. Koma munthu amene sanakhalepo m'nyumba mwanga sangamvetse kuti "kadyeni" si chikalata.

Januwale ndi Febuluwale ndinakhala pa khonde. 16 koloko ikayandikira, mimba inkalira, ine n'kumwa madzi, n'kuchonga kabokosi koyamba mwaukali mpaka cholembera kuboola pepala. Ndinasanja mafayilo anga onse kawiri. Tsiku lina ndinafuna chubu cha njinga, ndipo ndinakagula ku sitolo ina, ndikudzera njira ya kuseri kwa msika kuti achimwene asandione. Chubucho chinali chabodza.

Kenaka unafika mwezi wa Ramazani, umene Asilamu amasala kudya ndi kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Mwezi umenewu uli ndi mwambo wake pakati pa ine ndi achimwene. Chaka chilichonse ndimapitabe pa 16 koloko, koma thireyi situluka. Chaka choyamba amayi anafuna kundiphikira ndekha, ine ndinakana, poti sungatafune pamaso pa munthu amene milomo yake yauma chiyambire m'mawa. Kuyambira pamenepo timangokhala, pakamwa pouma tonse, mpaka iwo atseke sitolo kupita kukamasula.

Ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Popanda thireyi palibe chokana. Tsiku loyamba la kusala ndinavala chipewa n'kupita.

Achimwene anali akuyeza nsalu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bwana mukufuna chiyani? Machubu timagulitsa kwa anthu amene amadzera kutsogolo."

"Ndabwera kudzakhala."

"Mpando tinagulitsa."

Mpandowo unali pomwepo, ataikapo katoni ya mabelu a njinga. Ndinaichotsa ndekha. Tisanathe theka la ola tinali tikukangana ngati mvula ya ku Malawi imagwa mwaulemu kuposa ya kuno. Ndinabwerera kunyumba mtima uli myaa. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi.

Lamlungu lililonse tikachokera ku tchalitchi, akazi anga amawerenga kabuku kanga ka njala n'kusainira m'munsi ngati mboni. Dongosolo limeneli ndinalikhazikitsa ndine. Lamlungu lachiwiri la Ramazani anatenga nthawi yaitali. Anatsegula kumbuyo, anabwerera kutsogolo, ananyowetsa chala, anatsegulanso.

"Abambo, njala yanu ija yalowa Chisilamu?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ikusala nawo. Onani. Miyezi inayi yathunthu, 16 koloko, njala yeniyeni, njala yeniyeni, mpaka kuboola pepala. Chiyambire kusala kwa anzanu, mzere wa 16 koloko uli mbee. Masiku khumi ndi limodzi. Ndipo simunadye kanthu kumeneko."

Ndinati mwina ndinaiwala kulemba. Anandiyang'ana, ndipo ine ndemwe ndinachita manyazi, chifukwa chibadwire sindinaiwalepo kulemba. Ndinati mwina ndi kuzizira kwa mvula. Anati mu Januwale mvula inali yochuluka kuposa apa. Ndinatenga kabukuko n'kulowa kuchipinda. Ndinatulutsa madayale anga a zaka za m'mbuyo, mmene ndimalemba chilichonse, ngakhale dzino likagwedera kapena nkhuku ikasowa. Ndinafufuza miyezi ya Ramazani chaka ndi chaka. Palibe tsiku ndi limodzi lomwe pamene ndinalemba kuti njala inandivuta pa sitolo. Ndinapeza za mkangano wa mpira, za mtengo wa feteleza, za mbuzi imene inalowa n'kudya tepi yoyezera. Za mimba, ayi.

Ndinatenga rula. Ndinadula mzere pa chongi chilichonse cha 16 koloko kuyambira tsamba loyamba, ndipo pambali pa chilichonse ndinasaina, monga timachitira pa depoti tikakonza cholakwa. Zinanditengera masana onse. Ndikuvomera pano, molemba: sinali njala.

Akazi anga anabwera kudzaona.

"Tsopano muzisamutsire mu kabokosi kachiwiri."

"Ayi."

"Bwanji?"

"Werengani dzina la kabokosiko. Chizolowezi kapena kusowa chochita. Nsawa za pa wailesi, inde. Kabati malaiti akathima, inde. Koma achimwene, munthu amene ananyamula nawo bokosi la maliro a mayi anga, amene anatseka sitolo masiku awiri mwana wathu atagonekedwa m'chipatala, ndilembe kuti ndimakhala naye chifukwa chosowa chochita? Ndi dzanja langa? Sindilemba bodza kuti lilowe m'malo mwa bodza lina."

Akazi anga anatseka kabukuko. Kenaka anati, "Amayi a ku sitolo aja anandilambalala pa msika Lachisanu. Anayang'ana tomato." Anapukusa mutu. "Ine sindikufuna kuti mudane ndi anzanu. Koma tsiku lija la chizungulire munagwera pa ine, ndinakunyamulani ndine. Ndikangomasula popanda pepala, inu ndimakudziwani. Theka lidzabala theka linzake. Pepala ndiye mumaliopa. Ine simundiopa."

Zimenezi sindinazilembe m'dayale.

Lolemba ndinawauza achimwene zonse. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kudandaula kuti ndikuwaumitsa kukhosi.

"Ndiye miyezi yonseyi mumati njala? A Kalaliki, bwerani mugwire pano." Anagwira pamimba pawo. "Iyi ndiye njala. Sidziwa folo koloko."

"16 koloko."

"Sidziwa zonse ziwiri. Panopa mutandipatsa impwa zanuzo, ndingadye ndi mbale yomwe. Yanu ija inali ndi wotchi, inali ndi mpando wake, inkasankhanso wophika."

Nsalu ya khomo la kuseri inagwedezeka. Amayi sanatuluke, analankhulira kuseri komweko, kwa amuna awo, mokweza kuti ine ndimve.

"Muwauze alendo anuwo kuti tsiku la Idi ndiphika monga mwa chaka chilichonse. Mpunga ndi mbuzi masana. Folo koloko ndikazinga. Ndidzawapatsa ndi manja anga, pamaso pa abale anga. Pa sitolo anandikanira kawiri, ndinameza. Akadzandikanira m'nyumba mwanga pa tsiku limenelo, mpando uwo ndidzaikapo makatoni ndekha."

Achimwene sanaseke. Anatsitsa mawu. "Mwamva, a Kalaliki. Ine ndayesa kuwafotokozera za shuga. Akuti anamwino akadaletsa, bwenzi ataletsa chimodzi, osati zonse ziwiri. Akuti nkhaniyi ili ndi mwini wake kwanu."

Za mpunga ndi mbuzi akazi anga avomera, poti ndi chakudya cha masana ndipo ndidzakhala ndi njala yoona. Chitumbuwa ndiye chidzandipeza nditakhuta. Njala sidzakhalapo, ndatsimikiza ndekha. Masiku apita, ndipo mwezi wotsekera kusala n'kubweretsa Idi ukuyembekezeka kuoneka sabata yamawa.

Choncho, inu anamwino a pa kiliniki yathu, kapena aliyense amene amasunga chidindo kumeneko, ndikupempha mwaulemu, kachinayi tsopano, kuti nkhaniyi iyankhidwe molemba. Zimene ndinanena m'makalata atatu oyamba zoti ndi njala ndazichotsa, ndipo ndapepesa. Funso latsala limodzi: kodi munthu wa msinkhu wanga ndi magazi anga, wosamva njala, wosasowanso chochita, angalandire theka la chitumbuwa kuchokera m'manja mwa mkazi wa mnzake, ndipo kangati pa sabata? Mizere iwiri ikwana. Mulembe mawu oti "theka" momveka bwino, ndipo muonjezepo kuti lamuloli likuchokera kwa inu, osati kwa akazi anga. Pepala ndi kaboni ndibweretsa ndekha. Ndifuna makope atatu: la kunyumba kwanga, la amayi a ku sitolo, ndi la mu fayilo. Ndidzakhala pa benchi ya panja pa chipinda chanu Lachinayi m'mawa, kuseri kwa amayi a sikelo, ndipo ndidikira mpaka mzere uthe.